Mawu a Bambo Atsekeredwa m'Komputadori

Moatize, Outubro 2015

Akulu anga a Estêvão,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Chiputo, inu ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Ife kuno tadzuka, kungoti kutentha kwafika poipa, ndipo fumbi la malasha likumukhosomoletsa Esperança. Wayamba kuyenda chogwira khoma, mano atuluka ena awiri. Mlamu wanu Palmira ali bwino m'thupi. Za mumtima mwake muzimva m'munsimu.

Ndalemba kalata chifukwa nkhani iyi si ya pa telefoni. Inu kuti mundimve mumachita kukwera pachulu cha kusukulu paja, ndipo pamenepo aliyense wodutsa amatola mawu. Ndapatsira woyendetsa shapa, minibasi ya ku Fingoe ija, iye apatsira wa mota, wa njinga yamoto uja. Mukawerenga musaisiye pawindo. Zolemba zanga mukuzidziwa, sukulu ndinalekera panjira, koma zimene ndikunena muzimva.

Uthenga wanu unandipeza, woti anansi athu a Matias ayamba kusosa m'dimba la bambo, kuyambira pa mkuyu kutsikira kumtsinje. Akuti ife tinalitaya tokha pothawira ku Zambia, akwawo ndiwo analima pa nkhondo yonse, ndiye ndi lawo. Munati nditumize msanga filimu ija kuti mukaonetse akuluakulu pabwalo. Filimuyo sinditumiza. Sikuti ndakana ayi. Ndalephera, ndipo wondilepheretsa ndi munthu amene inuyo munandiuza kuti ndimusunge.

Mukukumbukira chaka chija ndinabwera pa feriya, tchuthi cha kuntchito, ndi telefoni ya kamera, bambo atayamba kale chifuwa. Iwo anadziwa kumene akupita. Anaitana bambo awo a Matias n'kuyenda nawo malire onse, ine ndikujambula pambuyo. Mufilimumo madala awiriwo aima pa mkuyu, bambo awo a Matias akumenya tsinde ndi ndodo, akunena ndi pakamwa pawo kuti kuchokera apa mpaka pachulu cha kumtsinje ndi pa anzathuwa, panali pawo nkhondo isanabwere, ife tinangowasungira, pasadzapezeke mwana wanga wovuta. Kenako akuseka, akupatsana fodya. Onse awiri anatisiya. Tatsala ndi ife, ndipo mawu anu ndi anga pabwalo ndi mawu a eni mlandu basi. Telefoni ija inagwera m'madzi kalekale. Filimuyo inatsala malo amodzi okha, m'komputadori yanga ino.

Komputadoriyi ndinagula kwa mnzanga wa ku empreza, kampani imene ndimagwirako, atamuchotsa ntchito. Ndi yakale, yopinda ngati buku. Sindinaigulire manyado. Palmira amaonerapo makwaya, ndipo anthu apafupi amabwera ndi makadi a m'matelefoni awo kuti tiwaikire nyimbo, zimatithandiza pa sopo ndi mchere. Inali ndi Windows monga makomputadori onse a anthu. Matenda ake anali mavirusi obwera ndi makadi a anthuwo, moti inkachedwa kudzuka ngati nkhalamba m'nyengo yozizira. Koma inkadzuka, ndipo chilichonse ndinkadziwa pamene chili.

Ndiye kunabwera Valentim, mlongo wake wa Palmira. Munandiuza ndinu kuti mnyamatayu wamaliza sukulu ku Fingoe, akufuna malo ophunzira za makomputadori ku Tete, musungeni. Ine ndinati nyumba ndi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndipo muli khanda. Inu munati malume wa mwana sakanizidwa khomo, n'kuwonjezanso kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kanalidi kakuthwa, akulu. Kandimeta mpaka chikopa.

Tsiku lina ndikupita kuntchito anandipempha kuti aichotse mavirusi. Ndinavomera kuchotsa mavirusi, mvetsani bwino pamenepo. Pobwerako ndinapeza komputadori ina. Kunja ndi yomweyo, mng'alu wa pakona womwewo, koma m'kati monse mwasintha, mitundu ina, mabatani a pansi apita pambali, mayina osawadziwa. Pachivundikiro atamatapo chithunzi cha kambalame kakuda konenepa, ka mimba yoyera, kokhala chotambalala ngati kakhuta kwa eni. Anati zimene waikamo dzina lake ndi Linux, Windows waichotsa yonse. Ine ndinati filimu ya bambo ili kuti. Anaitsegula pomwepo. Bambo anatulukira pa mkuyu ndi chipewa chawo chija, anakhosomola, ndinawamva. Limenelo ndilo tsiku lomaliza kuwaona.

Ndinamufunsa kuti Linux yakeyo anagula kuti ndipo mwini wake ndani. Anaseka, nati sigulidwa ndipo ilibe mwini, inapangidwa ndi anthu ambirimbiri a maiko osiyanasiyana, aliyense kuikapo dzanja, ngati mmene anthu a pamudzi amakumbira chitsime, wofuna amatunga, wodziwa amakonza. Anati chilichonse chili poyera, palibe chobisika. Ndinati chabwino, nanga ikafa ndikadandaule kwa yani? Anati ndifunse pa intaneti, anthu amayankha mwaulere, kungoti ambiri amayankha m'Chingerezi. Mwamva zimenezo? Ine Chipwitikizi chomwe ndimachita kuchikoka ndi chingwe. Ndinamuuza kuti mawu akuti chilibe mwini ndinawamvapo kale. Dimba lathu nalonso ankati lilibe mwini, ife tili ku Zambia.

Sindinama, mavirusi anatha. Inayamba kudzuka msanga ndipo makadi a anthu sankaidwalitsanso. Izi ndanena kuti musati Elídio amangoona zoipa. Koma zina zonse zinali chintchito. Kachipangizo ka intaneti kanakana kugwira mpaka iye atalimbana nako masiku. Makwaya a Palmira ankangooneka anthu akuyasamula popanda mawu. Mkulu wa mpingo anabwera ndi kalata yake yoti tisinthe dzina limodzi lokha, potsegula mizere yonse inali itasokonekera, anachoka akung'ung'udza ndipo sanabwerenso. Chilichonse chikavuta, Valentim ankatsegula kawindo kakuda n'kumalembamo tizilembo toyera, mizere ikuthamanga yokha, iye akugwedeza mutu ngati sing'anga amene akumva zimene ife sitikumva. Kenako chinthu chagwira. Ndikati andionetse, ankati n'zosavuta alamu, n'kuthamangitsa zala, ine osatolapo kanthu. Amene iye anamuphunzitsa mofatsa ndi mlongo wake, moti pano wodziwa kukopera nyimbo ndi Palmira, ine ndimangolandira anthu pakhomo ngati mlonda.

Kale ikavuta ndinkanyamula kupita nayo kumsika, tekiniko aliyense ankaidziwa. Tsopano m'nyumba mwanga munali chinthu chomvera munthu mmodzi, ndipo munthuyo sanali ine.

Anagawanso m'katimo zipinda ziwiri. China cha tonse, chosakhoma, cha nyimbo ndi makwaya. China chake, cholowa ndi senya, mawu achinsinsi aja. Zinthu zofunika, zithunzi za ukwati wathu, mapepala anga a ku empreza ndi filimu ya bambo, anazisamutsira kwake, ati kuopa ana a anthu obwera kudzaika nyimbo angazifufute. Senyayo ndinamufunsa, anati adzandilembera. Sanalembe. Ine mutu unali kuntchito, ndipo ndani angaganize kuti kiyi wa chipinda cha m'nyumba mwake adzachita kupempha kwa mlendo?

Malo a sukulu sanawapeze. Anangokhala, kudya, n'kumayang'ana kawindo kakuda kaja kuyambira m'mawa. Nthawi imeneyo ku empreza anali atayamba kale kuitana anthu mmodzimmodzi ku ofesi. Tsiku limene anachotsa anzanga a gulu lathu, nditafika kunyumba ndinapeza magetsi atha, fani yaima, mwana akulira ndi kutentha. Mamega a intaneti amene ndinagula kuti ndizifunsira ntchito kwina atheratu. Iye ati wakhala tsiku lonse akutsitsa zatsopano za Linux chifukwa zakale zatha nthawi. Zatha nthawi bwanji, poti dzulo lake zinkagwira?

Apa ndiye ndinayankhula. Muzimva ndithu kwa ena, ndiye bola muzimve kwa ine. Ndinamuuza kuti sindikudabwa, ndi khalidwe la kwawo. Ndinati anthu amene anatsala pa nkhondo anazolowera kulowa m'nyumba za eni, kudya mbuzi za eni, kusintha zitseko, eni akabwera n'kumawalandira ngati alendo. Ndinati iye wachita m'komputadori mwanga zimene akwawo anachita m'midzi yathu. Palmira anali pakhomo akumuberekera mwana kumsana. Anamva zonse.

Valentim anapinda zovala zake, anamugwira mwana kadzanja, n'kutuluka. M'mawa mwake tinamva kuti wakwera shapa. Pano ali ku migodi ya golide kufupi ndi Fingoe, akuti akukonza matelefoni a okumba. Patangopita masiku ochepa ndi pamene uthenga wanu wa a Matias unafika.

Musandifunse ngati ndinanama. Mbuzi zathu zinapita kuti? Inu munali wamkulu pobwerera, khola munaliona ndi maso anu, ine ndinkangomva amayi akuzitchula mayina. Palmira akuti kwawo sanadye mbuzi ya munthu, ankagona m'phiri, ndipo amayi ake anakwirira ana awiri kuthengo popanda maliro, ife tikulandira ufa wa m'matumba ku Zambia. Ananena kamodzi kokha, osakweza mawu. Kuyambira pamenepo amandiyankha zofunika zokha, madzi ali apo, mwana wadya. Inenso sindinabweze mawu anga. Kaya.

Ndayesa kutsegula ndekha. Ndalemba dzina la mwana, dzina la Palmira, la mudzi wawo, la timu imene amaikonda, chaka chimene anabadwa. Kabokosi kolembamo kamangodzigwedeza uku ndi uku ngati munthu wopukusa mutu. Palmira akuti senyayo saidziwa, ndipo ndikumukhulupirira, chifukwa dimbalo adzadyamo ndi iye yemwe. Chinanso, masiku ano tikangoyatsa pamatuluka uthenga woti pali zatsopano zofunika kuika, ukavomera ikufunanso senya yomweyo. Ngakhale kukonza wotchi yake imafuna chilolezo cha Valentim. Ine amene ndinaigula ndili ngati mwana wopeza.

Loweruka ndinaikulunga m'kapulana, chitenje cha Palmira, n'kuwoloka nayo kupita kumsika ku Tete. Tekiniko woyamba atangoona kambalame kaja anandibwezera, ati izi n'za ana a sukulu, iye sagwira. Wachiwiri anati n'zosavuta, afufuta zonse aikemo Windows, ndikhale pabenchi ndidikire. Ndinachita kumulanda m'manja atayamba kale kusakasaka disiki. Taonani, akulu, bambo akanafa kachiwiri pamsika ine ndikumwa madzi ozizira. Wachitatu, bambo wachikulire wa magalasi, anaiyang'ana mofatsa. Anati chikanakhala chitseko chokha akanathyola, koma mnyamatayo sanangokhoma, anasakanizanso za m'kati mwadala kuti wakuba akaba makina asawerengemo kanthu. Popanda senya, filimuyo ili ngati ufa wothira mumchenga, ulipo koma sungautole. Anatinso amene anachita zimenezi amaidziwa ntchito yake, ndimusunge bwino. Ndinamulipira kuti andiuze zimenezo.

Ndamuimbira Valentim, sayankha. Anayankhira kwa mlongo wake. Akuti filimu ili bwinobwino, sanafufute kanthu ndipo safuna dimba la munthu. Koma akuti mawu aja sanatukwane iye yekha, anatukwana mtundu wonse ndi akumanda omwe, ndiye iye satsegula pakamwa mpaka nkhaniyi idutse kwa ankhoswe. A Pascoal, malume awo aja, nkhoswe ya Palmira, amva kale. Akuti akudikira nkhuku ndi munthu wa kwathu woti akakhale pamphasa. Mwaona nzeru zake? Paja ankati chilichonse chili poyera, palibe chobisika. Lero mawu a bambo anga ali m'thumba mwake kumigodi.

Akanakhala munthu wamba ndikanakwera shapa n'kukamukoka pakolala. Koma ndi malume wa Esperança. Mwanayu akadzadwala kwambiri, akadzafuna kukwatiwa, adzafunsa iyeyo, osati ine. Ndikamugwira lero ndadzitsekera khomo la mawa. Iye akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake wakhala phee.

Nkhoswe yanga ndinu. Munavomera nokha tsiku la ukwati, nkhuku yake munadya. Ndiye musati nkhaniyi ndi ya ku tauni.

Ndipo pali china chimene ndakhala nacho pakhosi. A Matias sanayambe dzulo. Chaka chatha anadula nthochi za m'malire, inu munati tisayambane ndi anansi. Anamangirira ng'ombe pa mkuyu, munati ng'ombe sidya malire. Lero yadya. Inu muli ndi munda wa kumtunda, muli ndi wina kwa alamu, mukhoza kukhala aulemu. Ine ndilibe. Kontratu yanga ikutha Disembala ndipo kapitawo sakundiyang'ananso kumaso, aliyense kuno akudziwa tanthauzo lake. Mwini nyumba naye wayamba kufunsa ngati chaka chamawa tilipo. Akandichotsa ndibwera ndi mkazi, mwana, ndi komputadori ya mbalameyi. Esperança ndidzamudyetsa chiyani? Malasha? Bambo anati dimbalo ndi langa chifukwa ndine ndinatsala wopanda munda, ndipo inu munalipo pamene ankanena.

Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Munthu akabzala, mbewu sizulidwa, akuluakulu adzati dikirani akolole. Akakolola adzafunsa kuti chaka chatha analima ndani. Ikatero nkhani yatha, filimu idzangokhala yoonera pa maliro. Ndipo mvula ikagwa kawiri msewu wa ku Chiputo watsekeka, shapa sifika, mota imabwerera pamtsinje. Kuno mitambo yayamba kale kusonkhana masana cha kwanuko.

Pempho langa ndi limodzi. Gwirani tambala pa nkhuku zanga zimene amasunga amayi, mupite naye kwa a Pascoal sabata ino, osati mukamaliza kufolera nyumba. Mukakhale pamphasa, mukanene zimene ankhoswe amanena. Mawu ake mukuwadziwa ndinu, ine sindikulemberani, ndipo musakawonjezere zoti Elídio akulira. Sindikulira. Akalandira, atume munthu kumigodi tsiku lomwelo. Valentim alembe senyayo ndi dzanja lake papepala, zilembo zazikulu ndi zazing'ono monga mmene anaziikira, chifukwa chinthuchi chimakana ngakhale kadontho kamodzi kakasowa. Musailandire pakamwa, ndipo musakopere inu, ndimadziwa mmene mumalembera. Pepalalo mupatse wa shapa yemweyu. Ikangotseguka, Palmira aika filimuyo pa makadi awiri, ina yanu ina ya amayi, nditumiza ndi shapa yobwerera. Pakadali pano pitani pa mkuyu m'mawa uliwonse ndi khasu, ngakhale mungopalapala pansi. A Matias aone kuti dimbalo lili ndi mwini.

Akafunsa ngati Valentim angadzabwerenso kuno, muwauze kuti malume wa mwana sakanizidwa khomo. Si paja munatero? Koma komputadori yanga asadzaikhudzenso ine kulibe, ndipo senya iliyonse ya m'nyumba muno ndidzayamba kuidziwa ndine. Ndinafuna kuti filimu ikangotuluka ndikabwezeretse Windows, Palmira akuti ayi, makadi a anthu sakutidwalitsiranso makina. Amenewo ndiwo mawu aatali amene wandiyankhula mwezi uno, ndiye ndangosiya. Kambalame kaja ndinayesa kukamatula, Esperança analira mpaka anansi kusuzumira. Amakamenya ndi kadzanja n'kumati lume, lume, kuitana malume ake. Ine sanayambe kunditchula.

Moni kwa amayi, za tambala muwauze koma mawu aja musawauze onse. Moni kwa alamu a Zeferina ndi ana, kwa mlongo wathu Rebeca ndi amuna ake, ndi kwa azakhali a ku Chipera mukawaona. Kwa apongozi anga mukapereke moni mwaulemu, iwo sanandilakwire. A Matias musawapatse moni wanga.

Ndine mng'ono wanu amene akuyang'ana kumsewu,
Elídio

Ndaiwala za tambala. Ndinafuna kuti mutenge wotsimphina uja, wothothoka pakhosi, chifukwa ndiye woyenera nkhani imeneyi. Ayi, musiyeni. Tengani wamkulu wofiira uja amene ndimasungira tsiku lobwera ine. A Pascoal ndimawadziwa, wowonda akhoza kumubweza, ndipo mvula sidikira ulendo wachiwiri.